Botolo la Fundi wa ku Kyela

Pa Mlare nkhaniyi yafika poti ngakhale mbuzi zikuidziwa. Akuti a Zebedee Mwakabanga, mkulu wa mpingo, munthu woti akatsokomola ana amasiya mpira n'kuima chilili, analowa kuchipinda kwa mpongozi wawo. Osati pabalaza ayi. Kuchipinda kwenikweni, kogona, kumene kumakhala zitenje ndi mafuta odzola. Ena akuti analowa kamodzi. Ena akuti masabata atatu athunthu, kulowa m'mawa kutuluka madzulo ngati kalaliki wa boma. Mayi wina wogulitsa nthochi anandilumbirira kuti anawaona akutuluka ali mbuu ngati mphaka wa kuchigayo. Nditamufunsa kuti iyeyo anaima pati, anati kuona kwenikweni anaona ndi mlamu wake, koma iye ndi mlamu wakeyo sasiyana maso.

Wa kumwera akamva izi afunsa kuti nanga chavuta n'chiyani, munthu kulowa m'nyumba ya mwana wake. Khalani pansi, achimwene, tikuuzeni. Kuno mkazi wa mwana wako timamutcha mkamwana, ndipo mkamwana ndi apongozi ake aamuna saonana nkhope. Akakumana panjira, mkaziyo amapatukira m'munda wa chinangwa n'kupereka msana mpaka bamboyo adutse. Dzina lawo satchula. Kapu ya madzi sawapatsa m'manja. Masiku ano ambiri anafewetsa, mpaka ena amakwera minibasi imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, aliyense maso pa windo lake. Koma chipinda chogona, icho ngakhale ofewetsa sanachifewetse.

Ndiye mwa anthu onse a m'boma la Karonga, amene anaugwira mwambowu ndi manja awiri ndi a Zebedee omwewa. Funsani a Gregory, mng'ono wawo wa kwa bambo aang'ono. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pa maliro, dzuwa likuswa mutu, a Gregory analandira kapu ya madzi m'manja mwa mkamwana wawo. Anali ndi ludzu basi. A Zebedee anadikira maliro aikidwe, kenako anawakhazika pansi pamaso pa abale n'kuwadzudzula m'Chinkhonde, n'kubwereza m'Chitumbuka, n'kumalizira m'Chichewa kuti alendo nawonso apindule. Kuyambira tsiku limenelo a Gregory amamwa madzi akuyang'ana uku ndi uku. Sanaiwale.

Koma tisanaweruze, timudziwe kaye munthuyu.

A Zebedee anabadwira ku Mwenilondo, m'nyumba ya zidina imene inkanyowa kuchokera pansi. Mvula ikayamba, khoma linkada kufika m'mawondo, mphasa inkanunkha, zovala za kutchalitchi zinkamera chuku zili m'bokosi. Anali ndi mlongo wawo wamng'ono, Dora, amene ankagona chakukhoma. Dzinja lililonse mwanayo ankatsokomola, ndipo dzinja lachinayi sanalimalize. A Zebedee sanena kuti khoma ndi limene linamupha. Amati palibe anayeza, ndipo iwo sakonda kunena chinthu chosayezedwa. Chimene amanena n'choti fungo la chipinda chija amalidziwa mpaka lero, ndipo akalimva m'nyumba ya munthu, tiyi wa m'nyumbamo satsika.

Ntchito anaphunzira kwa a Yasini, mmisiri wa ku Mangochi amene anabwera ku boma kudzamanga mzikiti. Anyamata ena ankalimbirana kumanga khoma lakutsogolo, loti anthu azidzaliloza. A Zebedee anaponyedwa kuseri, pamalo posambira m'manja ndi m'mapazi anthu asanapemphere, pamene madzi amatayika kasanu pa tsiku, chaka mpaka chaka. A Yasini ankati mzikiti ukagwa udzayambira pamenepo, choncho iwo eni ake ankagwada pomwepo tsiku lonse. Anawaonetsa kupendeketsa simenti yapansi kuti madzi adzipitira okha ku chibowo chotulukira. Anawaonetsa kupaka phula lakuda katatu, kudikira liume nthawi iliyonse, n'kulikweza m'khoma kupitirira chikhatho. Koma chachikulu chinali ngodya. Pamene pansi pakumana ndi khoma, a Yasini sankasiya ngodya yakuthwa, poti simenti imang'ambikira pamenepo ndipo madzi amalowera pomwepo. Ankaikapo simenti yofewa n'kukokapo botolo chogoneka, kuchoka ngodya iyi kukafika iyo, mpaka pakhale pokhota bwino ngati m'kati mwa mbale.

Botololo linali lobiriwira, lakhosi lalifupi, lomangidwa waya pakhosi kuti lizipachikika. Pobwerera kwawo a Yasini anawasiyira. A Zebedee aligwiritsa ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, moti mbali imodzi inaperepeseka ndi mchenga, siwalanso. Akazi awo, mayi Tusekile, amati pa ukwati wawo mkwati analipo mmodzi koma akwatibwi awiri, ndipo mnzawo wobiriwirayo ndi amene amanyamulidwa pa njinga tsiku lililonse.

Zida zawo zina n'zoseketsa, n'chifukwa chake anthu anayamba kuwatcha sing'anga wa makoma. M'thumba mwawo simusowa ndimu. Akalowa m'bafa amaika ndimu pansi n'kuiyang'ana ngati akudikira iyankhule. Kumene yagubuduzikira, madzinso amapita komweko. Khoma likanyowa amamatapo kapepala ka pulasitiki, kutseka mbali zonse ndi tepi, n'kunena kuti wina asakhudze mpaka mawa. Madontho akapezeka kunsi kwa pepala, chinyontho chikuchokera m'khoma. Akapezeka pamwamba, ndiye kuti eni nyumba akudzithira okha nthunzi, kuphikira m'nyumba ndi kuyanika zovala mawindo ali chitsekere. Akamaliza bafa amatseka chibowo ndi sanza, kudzaza madzi kufika m'kakolo, kulemba mzere wa pensulo pamene madzi alekezera, n'kutseka chitseko masiku awiri. Banja lonse likasambe kwa aneba. Madzi akatsika pa mzere, matailosi saika.

Anthu anawonjezera zawo, monga mwa masiku onse. Akuti amanunkhiza nyumba yonyowa ali pa njinga pa msewu. Akuti ananyambitapo khoma la sitolo ina n'kutchula tsiku limene paipi inaphulika. Akuti achule akawaona amasamuka okha. Ine zonsezi sindikuzitsutsa, poti sindinayeze.

Chivomezi cha 2009 chitang'amba nyumba, aliyense wokhala ndi mpeni womangira anasanduka mmisiri, ndipo makoma ankamera ngati bowa. A Zebedee ankayenda pa njinga n'kumakangana ndi anthu osawaitana. Apa mwaiwala pepala lakuda lotchinga chinyontho pa maziko. Apa mwaunjika dothi la maluwa mpaka lakwirira pepalalo, chinyontho chikwerera pamenepo. Apa mwatseka timabowo ta mpweya ndi nyuzi poopa udzudzu, ndiye nyumba ipumira kuti. Ambiri ankawathamangitsa. Pakapita madzinja awiri, penti ikayamba kutupa ngati khungu lopsa ndi moto ndipo pakhoma patuluka toyera ngati mchere, omwe aja ankabwera chipewa chili m'manja n'kumawatcha fundi, kutanthauza mmisiri weniweni.

Ndiye taonani mmene zinthu zimakhalira. Mwana wawo yekhayo wamwamuna, Jeffrey, mphunzitsi wa pulayimale, pomanga nyumba yake sanaitane bambo ake. Anamanga kuseri kwa mitengo ya mango, mtunda woti mukaitana amamva. Anafuna nyumba yamakono, bafa m'kati mwa chipinda chogona, matailosi oyera. Ukwati unali pafupi, ndipo ankadziwa kuti adada ake akagwira ntchitoyo mkwatibwi adzafika madzi ali m'kakolo, chitseko chotseka. Anaitana Bruce, mnyamata wachangu amene amamaliza bafa tiyi asanazizire. A Zebedee ankadutsa pa njinga akuyang'ana mango, ngakhale nthawi imene mango kunalibe.

Jeffrey anakwatira Lughano wa ku Uraha, mtsikana wofatsa amene analeredwa ndi anthu osunga mwambo. Chiyambire ukwati, a Zebedee amadziwa msana wake wokha ndi mawu ake akamalankhula ndi apongozi ake aakazi kuseri kwa mpanda. Ankamutamanda paliponse, makamaka a Gregory akakhala pafupi. Mwana atabadwa, wamkazi, anawapempha agogo kuti atche dzina. Anati Dora. Mayi Tusekile anawayang'ana nthawi yaitali.

Chifuwa chinayamba mwana ali ndi miyezi isanu. Kuchipatala anapereka mankhwala, chinaleka, chinabwereranso. Ulendo wachitatu namwino anafunsa ngati kumene mwanayo amagona n'kouma. Jeffrey anayankha kuti nyumba ndi yatsopano, ya malata, ya matailosi. Koma kuseri kwa bedi khoma linali litada kale, ndipo nsapato zake za kutchalitchi zinali zitamera ubweya. Anati ndi mvula. Mvula inatha, mwera unayamba kuwomba, fumbi lili koboo pamsewu, khoma lili chinyowere. Anaitana Bruce. Bruce anapala, anapaka penti ya mafuta yonyezimira, anati zatheka. Patatha masabata atatu penti inatupa. Anasunthira mwana pabalaza, koma fungo linali litalowa kale m'makatani ndi m'mabulangete. Chipinda chachiwiri chinali ndi matumba a mpunga, ndipo nawo anayamba kununkha.

Masana Dora ankakhala kwa agogo ake, ndipo kumeneko ankapuma bwino. A Zebedee ankamunyamula n'kumununkhiza kumutu monga amachitira agogo onse, koma iwo ankamva china. Tizovala ta mwanayo tinkanunkha chipinda cha ku Mwenilondo. Kuti agone komweko sizikanatheka, poti anali woyamwa, ndipo mayi ake sangagone m'nyumba ya apongozi aamuna. Mwambo womwe uja unatseka zitseko ziwiri: mayi sangabwere kuno, mmisiri sangapite uko.

Apa ndi pamene panachitika chinthu chimene aneba amachikumbukira mpaka lero. A Zebedee anaganiza zoyeza bafa lija ali panja. Lughano anapita kuchigayo, iwo anaima kuseri kwa nyumba, msana ku windo, maso ku munda wa chinangwa, ndipo anatuma mayi Tusekile kuti akhale maso ndi manja awo. Anawapatsa ndimu, supuni, kapepala ndi tepi.

"Ikani ndimu pakati. Yapita kuti?"

"Yapita kumene yafuna."

"Mayi a Jefu, ku chibowo kapena ku khoma?"

"Ku khoma la kuchipinda. Yakhala pa ngodya ngati ili ndi abale pamenepo."

A Zebedee anawauza agogode matailosi ndi supuni, limodzi limodzi. Mayi Tusekile anati akulira ngati ng'oma. Anawafunsa kuti pa ngodya pali pokhota kapena pakuthwa. Anayankha kuti pakuthwa moti mutha kusendera chinangwa. Mawa lake kapepala kanali ndi madontho kunsi. A Zebedee anamvetsa zonse: pansi panapendekera kolakwika, kunsi kwa matailosi kunalibe phula, ndipo munthu aliyense akasamba, khoma la kuchipinda linkamwa nawo.

Anayesa kuchita za ulemu. Anaitana Bruce, anamukhazika pansi pa mango, anamufotokozera zonse, mpaka kumujambulira pa dothi. Bruce anavomera ndi mutu, analowa, anathira simenti m'mipata ya matailosi, anatuluka dzuwa lisanafike pamutu. Ataumirizidwa kuti agumule zonse n'kudikira masiku a phula ndi a madzi, anati ali ndi ntchito ina ku boma, ndipo sanaonekenso. Mmisiri wina anafuna kumata matailosi atsopano pamwamba pa akale. Jeffrey anati agwira yekha adada akamamuuza pa windo, koma manja a choko aja atagwira nyundo anaswa paipi, madzi n'kufika pabalaza.

Sabata imeneyo Dora anagonekedwa kuchipatala masiku atatu.

Atatuluka, sukulu zinali zitatsekera. Lughano anauza mwamuna wake kuti apita ndi mwana kwa amayi ake ku Uraha holide yonse, ndipo iyenso apite nawo akathandize kumunda. M'mawa wa ulendo anabwera kudzatsanzika. Anagwada kuseri kwa mpanda monga mwa nthawi zonse, msana kwa apongozi ake amene anali pa mpando pakhonde. Koma tsiku limenelo mtsikana wa mawu apansi uja anayankhula mokweza ngati akulengeza mu tchalitchi.

"Amayi, ndamva kuti ku Kyela, kutsidya ku Tanzania, kuli fundi wodziwa za mabafa. Dzina sindikulidziwa, nkhope sindinaione. Kiyi ndasiya pansi pa mtondo, mwina angadutse. Kuchipinda ndachotsamo zonse."

Mayi Tusekile anati amva. A Zebedee anapitiriza kuyang'ana tayala la njinga yawo.

Anakhala masiku awiri osapita kulikonse. Ankatulutsa zida n'kuzibwezera m'thumba. Ankadziwa kuti pa Mlare palibe chobisika, kuti nyundo imamveka, kuti a Gregory ali ndi makutu aatali kuposa a bulu. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuuza anzake poyenera kuima, akadumpha yekha mzerewo, mawu ake pa ukwati ndi pa maliro amasanduka mphepo. Komanso tisawanamizire kuti ankangoopa anthu. Mwambowo amaukhulupiriradi. Amati ndi umene umachititsa kuti mwana wa eni ake akhale pamudzi wachilendo popanda womuyang'ana moipa, ndipo amaona kuti kulowa m'chipinda chija n'kumulanda Lughano chinthu chake. Tsiku lachiwiri masana mayi Tusekile anaika chakudya patsogolo pawo, n'kuima pomwepo.

"Dora woyamba uja munali mwana, panalibe chimene mukanachita. Uyu muli ndi imvi."

Basi.

Mawa lake fundi wa ku Kyela anafika. Ndikunena monga mmene aneba amanenera. Anafika m'mawa dzuwa litatuluka, pa njinga yofanana kwambiri ndi ya a Zebedee, yolira pedulo lakumanzere ngati ya a Zebedee. Ankatsokomola ngati iwo. Ankang'ung'udza nyimbo ya m'buku yomwe iwo amaikonda, n'kumaphonya pamzere womwe iwo amaphonya. Ku Tanzania kuli anthu aluso, mpaka kutengera chifuwa cha munthu.

Ndipo apa ndi pamene Mlare inandidabwitsa. Amayi a nyumba zoyandikana, amene amadziwa chimene mwaphika musanavundukule poto, anagwidwa ndi khungu onse tsiku limodzi. Njinga ikamveka, wosesa ankatembenukira kumpanda. Wochapa ankaweramira m'beseni. Wopita kumjigo ankapatukira m'chinangwa n'kupereka msana. Anachita zimene anaphunzitsidwa kuyambira ali atsikana, zosayang'ana munthu amene sayenera kuonedwa. Kwa masabata atatu mudzi wonse unasanduka mkamwana wa munthu mmodzi. Palibe anaitanitsa msonkhano, palibe anauza mnzake. Onse anali atamumvapo Dora akutsokomola.

Zimene zinachitika m'katimo tikuzidziwa chifukwa mayi Tusekile ndi amene ankatunga madzi ndi kusefa mchenga, ndipo amafotokoza ngati za mlendo. Akuti Lughano anachotsadi zonse, bedi, zovala, galasi, ngakhale msomali wopachikapo chitenje. Komabe fundi uja anapempha kuti apachike masaka kuchokera pakhomo mpaka ku bafa, kuti adutse m'kanjira osaona chipinda. Ankayenda maso ali pansi, nsapato atavula. Anagumula matailosi onse, n'kupeza pansi pake pali matope onunkha. Anakonza paipi ya Jeffrey. Anathira simenti yatsopano yopendekera ku chibowo, anakoka botolo m'ngodya zonse zinayi, anadikira iume, anapaka phula katatu. Khoma lodwala lija analigumula pulasitala mbali ya kuchipinda, ndipo pamenepo masaka sakanathandiza, anayenera kuima m'chipinda mwenimweni. Mayi Tusekile akuti tsiku limenelo munthuyo sanaimbe. Anatsegula timabowo ta mpweya timene Bruce anatimata, anaikamo sefa wa udzudzu, anasiya mawindo otsegula kuti mwera uumitse njerwa. Kenako madzi kufika m'kakolo, mzere wa pensulo, masiku awiri. Madzi sanatsike ngakhale pang'ono. Anawonjezera tsiku lachitatu, chinthu chimene a Zebedee sanachitirepo munthu aliyense.

Banja litabwera ku Uraha linapeza kiyi pansi pa mtondo. Khoma analisiya losapaka, ndi uthenga wodzera kwa mayi Tusekile woti lisaone pulasitala kapena penti mpaka liumiretu, ndipo bedi likhale patali. Mabulangete anachapidwa n'kuyanikidwa sabata yonse. Chifuwa sichinathe tsiku limodzi ayi. Chinachepa, chinabwerako kamodzi, kenako chinaiwala njira. Mvula yoyamba itagwa, Dora anali akuyenda chogwira mipando n'kumakuwa mawu oti agalu ankathawa.

Lughano anaphika mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, poto wodzaza, n'kutumiza kwa apongozi ake aakazi kuti ngati fundi wa ku Kyela angadutsenso, amupatse. Fundi sanadutse. A Zebedee anadya pomuimirira, kuti chakudya chisawonongeke.

Tsopano imvani malipiro a munthu wabwino. Mbiri ya bafa lija inafalikira. Anthu ankapempha kukaliona ngati ndi malo a alendo. Mayi Shamima a sitolo ya zomangira anayamba kufunsa aliyense wopita kumalire kuti awapezere fundi ameneyu. Ena anati anamuonapo, ndi wamtali, wa diso limodzi. Ena anati ndi wamfupi, sadya nyama. Bambo wina anauza a Zebedee pamaso kuti inu mumayesetsa, fundi, koma mukadaona ntchito ya mnzanu wa ku Kyela mukadaphunzirapo kanthu. A Zebedee anavomera kuti munthu saleka kuphunzira. Ntchito yabwino koposa zonse pa moyo wawo inapita kwa munthu amene sanabadwe.

Koma panali chinthu chimodzi. Kuyambira holide ija, botolo silinaonekenso pa njinga ya a Zebedee. Ngodya za ntchito yotsatira anakokera kapu ya pulasitiki, n'kubwereza katatu akung'ung'udza. Tsiku lomaliza lija anali atalitsuka n'kuliimika pa windo la bafa kuti liume, ndipo maganizo ali pa kutuluka msanga, anatseka chitseko n'kubwezera kiyi. Kubwerera sakanatha. Lughano analipeza, analidziwa, analisiya pomwepo. Kulibweza kukanakhala kunena kuti ndikudziwa. Ankangolipukuta fumbi Loweruka lililonse.

Amene anaulula za botololo ndi akazi a a Gregory, atapempha kuona bafa lotchukalo. Uthenga unafika kwa amuna awo tsiku lomwelo, ndipo mphekesera imene ndayamba nayo ija inabadwa madzulo ake. A Gregory anadikira zaka zisanu ndi chimodzi, sakanalephera kudikira masabata ena awiri, mpaka tsiku la ubatizo wa Dora, abale onse atakhala pansi pa mango. Anauza Jeffrey kuti akufuna kuona botolo lili pa windo lija, ndipo Jeffrey, amene sadziwa kukaniza bambo wamng'ono, anakalitenga.

A Zebedee anali pa mpando, Dora ali pamwendo pawo akukoka batani la jekete. Amayi anali chapatali ndi mapoto, Lughano pakati pawo, msana kwa apongozi. A Gregory anaimirira, anagwira botolo pa waya, analizunguza kuti mbali yoperepeseka ija ionekere kwa onse.

"Achimwene, ine maso anga akalamba. Tandithandizeni. Botolo ili ndaliona pa njinga yanu kuyambira ndili mnyamata. Nanga lapezeka bwanji kuchipinda kwa mkamwana wanu? Kapena linapita lokha kukamwa madzi?"

Panalibe woseka. Mayi wina anasiya chikombe m'mwamba. Amuna anayamba kuyang'ana nsapato zawo, amayi a nyumba zoyandikana aja anatembenukira ku mpanda mmodzimmodzi, ngati amva pedulo lakumanzere. A Gregory anawonjezera kuti ngati ndi lawo angolitenga, palibe mlandu, iwo angofuna kumva kuti ludzu limagwira aliyense.

Ndipo kunena zoona, a Gregory sanali kulakwa kwenikweni. Mawu amodzi okha akanabweza botolo la a Yasini pa njinga, akanabwezanso bafa lija kwa mwini wake. Koma mawu omwewo akanamuika Lughano pakati pa bwalo, mkazi amene chipinda chake chinalowedwa ndi apongozi, iye mwini atasiya kiyi. Fundi wa ku Kyela anamubala ndi iyeyo, ndipo mudzi wonse unamulera.

A Zebedee analiyang'ana botololo nthawi yaitali, waya wake, khosi lake lalifupi. Dora anatambasula dzanja kuti aligwire, iwo anamubweza kadzanjako pang'onopang'ono. Kenako anayankha m'Chichewa, kuti alendo nawonso apindule.

"Si langa. Mwini wake akadzadutsa mudzam'patse. Ine m'chipinda chimenecho sindinalowemo."